Titaniyamu wosindikizidwa: kumuwotcha pa madigiri 650, pa 850, kapena HIP?

Anzanga a kuno ku Dedza amene mumaitanitsa kunja zida za titaniyamu zosindikizidwa ndi makina a 3D, musanafunse mtengo, funsani kuti chidacho anachiwotcha bwanji chitatuluka m'makina.

Kuwala kwa leza (laser) kukasungunula ufa wa Ti-6Al-4V, titaniyamu wosakaniza ndi aluminiyamu ndi vanadiyamu, chitsulocho chimazizira mwadzidzidzi, maatomu asanakhazikike m'malo mwake. M'kati mumatsala timasingano ta martensite (mpangidwe wa chitsulo chozizira mwadzidzidzi) todzaza ndi ma dislocation, mizere ya maatomu yopotoka, komanso timabowo. Kulimba kulipo, kumapitirira 1,100 MPa (muyeso wa mphamvu yokoka kapena yofinya), koma kutamuka kulibe. Nthawi zambiri chida chimathyoka chisanatalike ndi 10 peresenti yomwe muyezo wa ASTM F2924, wa zida zosindikizidwa ndi titaniyamuyu, umafuna.

Njira yotchipa ndi kuwotcha pa madigiri 650 a Celsius kwa maola awiri kapena atatu. Imamasula kukokana kwa m'kati kuti chida chisapindike pochidula pa mbale yomwe anachisindikizirapo. Timasingano tambiri timatsalabe. Kwa ine apa n'poyambira chabe.

Pa madigiri 800 mpaka 850 mpamene pali nkhani. M'maola awiri martensite imasweka n'kukhala timizere ta alpha ndi beta (mipangidwe iwiri yokhazikika ya titaniyamu), ma dislocation ambiri amafafanizika, chida n'kuyamba kutamuka kupitirira 10 peresenti ija. Kulimba kumatsikako, koma osati kodandaulitsa. Wina asakunamizeni kuti moto ukachuluka zimakoma: mukadutsa madigiri pafupifupi 995, tinjere ta chitsulo timakula mopitirira, kutamuka n'kutsikanso.

Timabowo tija moto wokha sungatitseke, ndipo ming'alu imayambira pomwepo chida chikamagwedezeka tsiku ndi tsiku, monga chapanjinga yamoto yoyenda m'misewu ya ku Mayani, kapena chitsulo cha m'chiuno mwa munthu. Apa HIP, kuwotcha chida uku mpweya ukuchifinya mbali zonse, ilibe mnzake: madigiri 920, mpweya wa argon ukufinya ndi 100 MPa, maola awiri. Ndiyodula, ndipo bowo lofika kunja kwa chida silitsekeka, choncho kupala pamwamba sikuthawika. Chida chongokhala phee chisakudyereni ndalama ya HIP, 850 ikukwanira.

Ena mukuganiza kale za uvuni wa mbiya. Kutentha ungafikepo, koma titaniyamu wotentha amamwa okosijeni n'kupanga khungu lolimba losachedwa kung'aluka. Njira zitatu zonsezi zimafuna ng'anjo yopopedwa mpweya wonse kapena yodzazidwa argon, ndiye uzani wogulitsa akulembereni pa satifiketi madigiri, maola ndi mpweya umene anagwiritsa ntchito.