Kupesa tsitsi lonyowa kapena louma: limaduka kwambiri liti?

Ambiri a ife tinakula tikupesedwa tsitsi louma gwa Lamulungu m'mawa, takhala pansi pakati pa miyendo ya amayi, chipeso chikulira kuti khwe khwe, misozi ili mbwe. Akamaliza, pa chitenje chomwe anatifunditsa m'mapewa pamakhala tizidutswa ta tsitsi ngati masamba a tiyi. Tizidutswa timeneto ndi timene ndikufuna tikambirane, chifukwa si tsitsi loti lathothoka lokha. Ndi loduka.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Tolani tsitsi limodzi pa chipeso muliyang'ane pa dzuwa. Ngati ndi lalitali ndipo kumapeto kwake kuli kadontho koyera, limenelo lagwa lokha nthawi yake itakwana, ndipo munthu aliyense amataya 50 mpaka 100 otere pa tsiku. Ngati ndi lalifupi lopanda kadonthoko, mwalidula ndinu.

Amene amati musapese tsitsi lonyowa sakunama. Madzi akalowa m'tsitsi, limafufuma, limafewa, ndipo limatamuka ngati legeni. Mukalikoka mopitirira silibwereranso mwakale, kenako limaduka. Malangizo amenewa ndi oona kwa anthu a tsitsi lowongoka, lomwe likanyowa limamatirirana koma likauma chipeso chimangodutsa. Vuto ndi lakuti tinawatengera ife a tsitsi lopotana osafunsa kuti akunena tsitsi la yani.

Lathuli linapangidwa mwina. Silobulungira ngati ulusi, ndi lophwatalala pang'ono komanso lopindikapindika, ndipo pamene lapindikapo ndi pamene lili lofooka. Dokotala wa khungu wa ku Cape Town, Nonhlanhla Khumalo, ndi anzake analiyang'ana pa makina okuza zinthu m'chaka cha 2000, napeza kuti pa tsitsi 100 lililonse la munthu wakuda, 10 mpaka 16 linali ndi mfundo, pamene la mitundu ina silinafike ngakhale limodzi. Ndiye tangoganizani chipeso chikukumana ndi mfundo zonsezo tsitsi lili louma. Silingatamuke, silingaterere. Limangothyoka ngati kamtengo kouma. Likanyowa, kupotanako kumamasuka pang'ono ndipo chipeso sichifuna mphamvu zambiri. Inde lafooka ndi madzi, koma simukulikokanso mwankhanza, ndiye loduka limachepa.

Komatu madzi okha sakwanira. Chofunika ndi kuterera. Ine ndimagawa mutu panayi kapena pasanu ndi kamodzi, kupaka kondishona wambiri gawo limodzi, kudikira mphindi zisanu, ndiye kuyamba ndi zala. Chala chimamva mfundo n'kuima, chipeso sichimva kanthu. Zala zikadutsa ndi pamene ndimatenga chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kumatsika pang'onopang'ono kupita ku mizu, dzanja lina litagwira tsitsilo pakati kuti khungu lisakokedwe. Gawo likatha ndimalipota kuti lisasokonekerenso. Kondishona akandithera pakati pa mwezi, ndimawiritsa therere lobala, kusefa madzi ake otelerawo n'kuwaziziritsa. Anthu kunyumba amaseka kuti ndiwo zapita kumutu, koma chipeso chimayenda.

Pali nthawi imodzi imene madzi ndi mdani weniweni, ndipo ndinaiphunzira mowawa: pomasula meshi kapena zoluka zilizonse zomwe zakhalitsa. Ndinakhala ndi meshi miyezi iwiri, ndinamasula usiku, m'mawa n'kuthamangira ku saluni. Mtsikana wosambitsa anangondigoneka pa beseni, madzi khuthu, shampu, n'kuyamba kufikisa. Nditadzuka, kunkhongo kunali chimpira cholimba ngati chisa cha mbalame. Tinalimbana nacho maola awiri, mapeto ake inalowa sizasi. Chinachitika n'chakuti tsitsi lonse lomwe limayenera kugwa masiku 60 amenewo linali likadali m'mutu, litakodwa ndi litsiro ndi mafuta pa tsinde la choluka chilichonse. Werengani nokha kuti ndi lochuluka bwanji. Madzi ndi shampu zinangolikulunga pamodzi ndi lamoyo. Choncho mukamasula, musayandikire pa mpopi. Donthezani mafuta a kokonati kapena a nsatsi pa kamfundo ka litsiro kaja, kaphwanyeni ndi zala, chotsani lakugwalo, choluka chimodzi chimodzi. Kusamba kubwere pambuyo.

Tsitsi loika mankhwala owongola nalo lili ndi malamulo ake. Mankhwalawo analifooketsa kale mkati, ndiye likanyowa kwambiri limatamuka ngati chingamu. Lipukuteni modekha, liumeko mpaka lingotsala ndi chinyontho, ndiye mupese ndi chipeso chachikulu. Samalani kwambiri pamalire pamene latsopano lopotana lakumana ndi lowongoka lija, pakuti limakonda kudukira pomwepo.

Nanga tsiku loti simukusamba m'mutu koma mukufuna kupesa? Kabotolo kopopera kokhala ndi madzi ndi kondishona pang'ono n'kokwanira, tsitsi lingofewa, lisachite kudontha. Mwana wa mchemwali wanga, yemwe ankathawira kuseri kwa nyumba akangoona chipeso, masiku ano amabweretsa yekha kabotoloko n'kukhala pansi.