Memcg ya cgroup v2 pa Debian 12: momwe ndaonera ntchito yake yowerengera memori

Pa maseva a Linux oyendetsa makontena (mapulogalamu otchingidwa paokha) amene ndimayang'anira, chida chimene ndimadalira kwambiri ndi gawo la kernel (mtima wa Linux) lotchedwa memcg, limene limawerengera memori imene gulu lililonse la mapulogalamu latenga, ndi kuliletsa likafuna kupyola malire. Ndikulemba za mtundu umene uli mu Debian 12, yomwe imabwera ndi kernel 6.1 ndipo imagwiritsa ntchito cgroup v2, njira ya kernel yoika mapulogalamu m'magulu, popanda kusintha kalikonse.

Vuto limene memcg iyenera kuthana nalo ndi lakuti pa makina a masiku ano mapurosesa ambiri amapempha memori nthawi imodzi, ndipo peji lililonse, chidutswa cha memori cha 4 KB, likatengedwa liyenera kulembedwa pa dzina la gulu lake, kenako pa gulu la pamwamba pake, mpaka kufika pa lalikulu. Kale chiwerengerochi chinkatetezedwa ndi loko wotchedwa spinlock, m'njira imene inkatchedwa res_counter. Purosesa ikapeza loko ali m'manja mwa inzake, inkangodikira pomwepo osagwira ntchito ina, monga mmene zimakhalira pamjigo pamene mmodzi akupopa ndipo ena onse aima ndi zidebe zawo. Johannes Weiner anachotsa loko ameneyu mu kernel 3.19 ya chaka cha 2015, n'kuikapo page_counter, chiwerengero chimene purosesa imachisintha kamodzin'kamodzi popanda kukiya chilichonse.

Chimene chimandikhutiritsa koposa ndi njira ina imene imagwira ntchito limodzi ndi zimenezi. Purosesa iliyonse simapita ku chiwerengero chachikulu pa peji lililonse, koma imatapa mapeji ambiri nthawi imodzi n'kusunga pambali, ndipo imabwererako pokhapokha atatha. Mu kernel 6.1 muyezo umenewu ndi mapeji 64, omwe ndi 256 KB, pomwe kale anali 32. Zotsatira zake n'zakuti nambala imene mumawerenga mu fayilo ya memory.current imatha kukwera pang'ono kuposa memori imene ikugwiradi ntchito, ndipo pa makina a mapurosesa 64 kusiyanako kungafike pa 16 MB. Ena amadandaula nazo, koma ine ndikuona kuti olemba kernel anasankha bwino, chifukwa gulu likayandikira malire ake kernel imayamba yabweza mapeji osungidwa aja isanalange pulogalamu iliyonse. Kulondola kumafunika kwambiri pa nthawi ya chigamulo, ndipo ndi pomwepo pamene memcg imakuonetsetsa.

Zosintha zina ziwiri zimachititsa kuti ndisalimbikitse munthu kukhalabe pa kernel zakale. Mu 5.9, Roman Gushchin analembanso njira yowerengera tizidutswa ta memori timene kernel imagwiritsa ntchito payokha, kotero kuti magulu osiyana amagawana peji limodzi la slab, losungira tizidutswa timeneti, m'malo moti lililonse likhale ndi mapeji akeake osadzaza. Mu 5.11, ntchito imene anatsogolera Alex Shi inagawa lru_lock, loko woteteza mndandanda wa mapeji oyenera kulandidwa memori ikachepa, kuti gulu lililonse likhale ndi wake. Izi zisanachitike, kontena imodzi yowerenga mafayilo ambiri inkatha kuchedwetsa zinzake zimene sizinalakwe kanthu.

Pa kagwiritsidwe ntchito, ndimayamikira kusiyana kwa malire awiri, memory.high ndi memory.max. Gulu likapyola memory.high limachedwetsedwa ndipo limakakamizidwa kubweza memori, koma palibe pulogalamu imene imaphedwa, pamene likafika pa memory.max ndipo palibe chobweza, OOM killer, gawo la kernel lopha mapulogalamu memori ikatha, imasankha pulogalamu yoti iphe m'gulu lomwelo. Ine ndimaika memory.high pansi pang'ono pa memory.max, n'kumayang'ana memory.pressure, imene imanena kuchuluka kwa nthawi imene mapulogalamu ataya podikira memori. Fayilo imeneyi, imene inabwera ndi PSI, njira yoyezera nthawi yodikirayi, mu kernel 4.20, imandichenjeza msanga kuposa nambala ina iliyonse.

Pali malo amodzi pamene mzere wodikira uja sunathe. Ziwerengero za tsatanetsatane za mu memory.stat zimasungidwa pa purosesa iliyonse payokha, ndipo kuti zioneke ziyenera kusonkhanitsidwa ndi gawo lotchedwa rstat, limene mu kernel 6.1 lili ndi loko mmodzi wa makina onse, cgroup_rstat_lock. Kernel imasonkhanitsa yokha masekondi awiri alionse, koma kuwerenga fayiloyo kumathanso kuyambitsa ntchitoyi, ndipo ngakhale gawo lolanda memori limafuna ziwerengero zomwezo. Ndinaphunzira zimenezi pamene ndinatchera pulogalamu yanga yoyang'anira maseva kuti iziwerenga memory.stat ya kontena iliyonse pafupipafupi, ndipo chida cha perf, choyezera kumene mapurosesa akuthera nthawi, chinandionetsa mapurosesa akutaya nthawi pa loko ameneyu. Nditatalikitsa nthawi yowerengera, vutolo linachepa, komabe ndikadakonda kuti kufunsa nambala kusamasokoneze ntchito imene ikuyezedwayo.

Chodandaulitsa china ndi magulu amene afufutidwa koma sanachoke. Kontena ikazimitsidwa, mapeji a mafayilo amene inawerenga amatha kutsala mu memori akadali pa dzina lake, ndipo kernel singamasule gululo mpaka mapejiwo atalandidwa. Pa seva imene imayatsa ndi kuzimitsa makontena kawirikawiri, magulu oterewa amachulukana ndipo lililonse limadya memori yake pa purosesa iliyonse. Nambala yawo imaoneka pa mzere wa nr_dying_descendants mu fayilo ya cgroup.stat, ndipo ndi bwino kuiyang'ana sabata ndi sabata.

Kwa amene akuyendetsa makontena kapena ntchito zingapo za systemd (pulogalamu yoyatsa ndi kuyang'anira mapulogalamu ena) pa seva imodzi, ndikulimbikitsa memcg ya cgroup v2 ndi mtima wonse, malinga kernel ikhale 5.11 kapena yatsopano kuposa pamenepo. Ubuntu 22.04, yomwe ili ndi 5.15, ikukwanira, koma ine ndakhazikika pa Debian 12, ndipo memory.stat ndimaiwerenga kamodzi pa mphindi.