Backhoe yakale pa thirakitala yaing'ono: ya three-point kapena ya subframe?

Backhoe ndi mkono wokumbira wokhala ndi baketi, womangidwa kumbuyo kwa thirakitala. Ma backhoe awiri akale akhoza kufanana kukula, kufanana baketi, onse n'kumakumba mamita awiri ndi pang'ono, koma n'kusiyana kutali pa chinthu chimodzi: komwe mphamvu yokumbira imakathera. Mano a baketi akakodwa pa mwala kapena pa muzu, mphamvu ya masilinda siithera m'dothi. Imabwerera ndi mkono n'kukagunda pomwe makinawo agwirira thirakitala. Ndiye musanayang'ane penti kapena mano, gwadani muone momangirira.

Ya three-point imakolekedwa pa mikono iwiri ya m'munsi ndi pa top link (mkono wa pamwamba) kumbuyo kwa thirakitala, pomwe pamakhala pulawo. Ubwino wake n'ngosachita kufunsa. Thirakitala ya Category 1, ya mapini a mamilimita 22 m'munsi ndi mamilimita 19 pamwamba, imailandira posatengera kuti ndi Kubota, Yanmar, Iseki kapena Massey Ferguson. N'chifukwa chake akale a mtunduwu sasowa, ndipo tsiku lomwe mudzatope nayo wogula adzapezeka msanga.

Koma three-point anaipangira kukoka ndi kunyamula zida za m'munda, osati kulimbana ndi chida chomwe chikukokera top link m'mbuyo, kenako n'kuikankhira kutsogolo, kenako n'kuipotoza m'mbali, ola lonse osapuma. Pa mathirakitala ambiri ang'onoang'ono bulaketi ya top link imagwidwa ndi mabawuti ochepa pa chibokosi cha kumbuyo, ndipo chibokosicho n'cha chitsulo choumba, pa ena n'cha aluminiyamu. Chitsulo choumba sichipindika kuti chikuchenjezeni. Chimangosweka ngati mphika wadothi, apo ayi mabawuti amazuka ndi mazinga omwe. Kukonza kwake n'kuphwasula kumbuyo konse kwa thirakitala, ntchito yomwe ingadye zoposa zimene munapulumutsa pogula. Opanga ena amakaniratu m'buku la malangizo kuti backhoe yotere isamangidwe pa mathirakitala awo ang'onoang'ono. Tsegulani buku lanu musanapereke ndalama.

Pali choopsa china chomwe ogulitsa satchulatchula. Mikono ya three-point imanyamula koma siikanikiza pansi, ndipo palibe chimene chimaigwira kuti isakwere yokha. Mukakanikiza baketi pansi mwamphamvu, backhoe yonse ikhoza kudzuka pamodzi ndi mpando umene mwakhalapo, n'kukupanikizani ku chitsulo cha ROPS (chotetezera woyendetsa thirakitala ikagubuduka) kapena ku denga. Yopangidwa bwino imabwera ndi zitsulo zokhomera zomwe zimagwira mikonoyo ndi top link kuti zisasunthe. Pa yakale zitsulo zimenezi zimakhala zitatayika kalekale, wina n'kungoikapo top link wamba. Mukaipeza choncho, musakhalepo pampandopo mpaka zitsulozo zitapezeka.

Subframe ndi chimango chachitsulo chodutsa pansi pa thirakitala. Kumbuyo chimagwira pa ekiselo, ndipo pa mitundu yambiri chimakafika kutsogolo pomwe pamangidwa loda (baketi yonyamulira katundu ya kutsogolo). Chigwedezo chimagawanika m'thupi lonse m'malo mounjikana pa bulaketi imodzi. Backhoe imakhalanso pafupi ndi matayala akumbuyo, motero siipepula kutsogolo kwambiri, komanso siikhula pansi poyamba kukwera chitunda. Pokumba kusiyana kumamveka m'manja: baketi imapita pomwe mwailozetsa, osati kuyamba yagwedera kaye.

Msampha wake uli pogula. Subframe iliyonse imapangidwira mtundu umodzi wa thirakitala, kapena mitundu yochepa yapachibale, chifukwa mabowo ake ayenera kukumana ndi mabowo a pa thirakitala. Nthawi zambiri mwini wake anagulitsa thirakitala subframe ili pompo, lero akugulitsa backhoe yokha. Pachithunzi imaoneka yathunthu. Funsani nambala ya subframe, muione ngati ikugwirizana ndi mtundu wa thirakitala yanu, ndipo werengani mabulaketi ndi mapini onse musanakweze katundu. Ya thirakitala yomwe inasiya kupangidwa mukhoza kuisaka osaipeza. Wowotcherera waluso angathe kupanga ina kapena kusintha yomwe ilipo, bola agwiritse ntchito mabowo omwe alipo kale. Kuboola kapena kuwotcherera pa chibokosi choumba ndiko kuyambitsa mng'alu womwe mukuuthawawo. Subframe imachepetsanso mpata wa pansi, nthawi zina imatsekereza chotchetchera udzu cha pamimba, ndipo pa mitundu ina mikono ya three-point iyenera kuchoka kuti backhoe ilowe. Munthu wosintha zida sabata iliyonse zimenezi zimamutopetsa.

Ife timati pa thirakitala ya injini ya mphamvu yochepera 30 hp, kapena pomwe pali zitsa, miyala ndi dothi louma gwa, tengani ya subframe basi. Ya three-point ili ndi malo ake pa thirakitala yolemera ya Category 2 (ya mapini akuluakulu kuposa a Category 1) yomwe yanyamula backhoe yaing'ono poyerekeza ndi thupi lake, m'dothi lofewa, pa ntchito ya apo ndi apo monga ngalande ya payipi ya madzi.

Kuya kokumba nakonso kusakukopeni. Backhoe ya Kubota ya mtundu wa BH77 imakumba pafupifupi mamita 2.3, BH92 pafupifupi mamita 2.8. Theka la mita limenelo limabwera ndi kulemera kolendewera kumbuyo kwa ekiselo. Matayala akutsogolo azisenza osachepera gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera konse, kupanda kutero chiwongolero chimapepuka pachitunda. Loda ndiyo imalemetsa kutsogolo, ndipo pokumba baketi yake imatsitsidwa pansi kuti ithandizane ndi miyendo iwiri ya backhoe. Thirakitala yopanda loda imafuna zitsulo zolemetsera.

Mpikisano wachiwiri ndi wa oyilo woyendetsa masilinda: kutapa pa pampu ya thirakitala, kapena backhoe ikhale ndi pampu yakeyake ya pa PTO (shafiti yozungulira ya kumbuyo kwa thirakitala yoyendetsa zida). Ma backhoe a msinkhu uwu amafuna malita a pakati pa 20 ndi 30 pa mphindi, pa mphamvu ya 140 mpaka 170 bar. Chenjerani ndi nambala ya m'buku la thirakitala, chifukwa kawirikawiri imaphatikiza oyilo wa chiwongolero, pomwe wofika ku zida ndi wocheperapo. Oyilo akachepa mkono umayenda mwaulesi, ndipo mukafuna kukweza mkono ndi kupinda baketi nthawi imodzi, chimodzi chimaima.

Njira yoyenera yotapira pa thirakitala ndi power beyond, payipi yopititsa oyilo ku valavu ya backhoe n'kumubwezanso. Ena amangomanga handulo ya remote (yotsegulira oyilo wopita ku zida za kumbuyo) ndi labala kuti ikhale yotseguka. Zimayenda ndithu, koma oyilo amadutsa m'tinjira topanikiza n'kutentha msanga. Onetsetsaninso kuti valavu ya backhoe ikugwirizana ndi thirakitala. Mathirakitala ambiri ang'onoang'ono ndi a open centre: oyilo amazungulira osaima, mahandulo akakhala pakati amangobwerera ku thanki. Valavu ya closed centre imatseka njira imeneyo, pampu n'kumakankha potseka, relief valve (valavu yotsegulira oyilo mphamvu ikapyola malire) n'kumalira mpaka oyilo atenthe kapena pampu iwonongeke. Zomwezi zimachitika mukachotsa backhoe n'kuiwala kulumikizanso mapayipi awiri a power beyond. Musalize injini mapayipiwo asanakumane.

Chomwe ambiri sachiganizira pa yakale n'chakuti oyilo woyendetsa zida pa mathirakitala amenewa ndi yemweyo wa m'giyabokosi. Madzi, dzimbiri ndi tizitsulo zomwe zakhala m'masilinda a mwini wakale zikalowa, zimakafika ku mabuleki osambira m'oyilo ndi ku giya ya hydrostatic (yoyenda ndi mphamvu ya oyilo), yomwe siigwirizana ndi litsiro m'pang'ono pomwe. Khuthulani oyilo wakale m'masilinda ndi m'mapayipi musanalumikize, ndipo musinthe fyuluta ya thirakitala pakapita maola ochepa.

Pampu ya PTO imazemba mavuto onsewa. Imalowa pa shafiti ya mamilimita 35 ya mano 6, yozungulira pa 540 rpm (ka 540 pa mphindi), ndipo ili ndi thanki ndi fyuluta yakeyake. Litsiro lake limakhala kwake, ndipo ngakhale thirakitala ya pampu yofooka imakumba mwachangu. Zovuta zake zilipo. Injini iyenera kulira pafupi ndi liwiro la PTO kuti malita akwane, mafuta n'kumapita ambiri. Pampuyo imafuna tcheni kapena kachitsulo koigwira kuti isazungulire pamodzi ndi shafiti n'kudula mapayipi. Thanki ndi yaing'ono, siichedwa kutentha ntchito ikakhala ya tsiku lonse. Pampu ikamalira mosasa, yang'anani payipi yokokera oyilo, mwina yafinyika mkati kapena ikulowetsa mpweya. Komanso mathirakitala ena akale a ku Japan, monga Kubota B6000, PTO yawo imazungulira mobwerera. Pampu wamba pamenepo siipopa, ndipo labala yake yotsekera oyilo pa shafiti imaphulika. Kwa backhoe yomwe mbiri yake simukuidziwa, pampu ya PTO ndiyo yabwino. Backhoe ikakhala ya kampani yomweyo yomwe inapanga thirakitala, yobwera ndi mapayipi ake a power beyond, tapani pa thirakitala.

Kaya mwasankha iti, musagule ili gone pansi. Muione itamangidwa, ikugwira ntchito, oyilo atatentha. Tambasulani mkono wonse, baketi itatsala pang'ono kugunda pansi, mnzanu aigwedeze uku ndi uku inu mukuyang'ana pini iliyonse. Mabushi (timphete ta m'mabowo a mapini) otha savuta kusintha. Bowo lenilenilo likadyeka n'kusiya kukhala lozungulira, pamafunika kulidzaza n'kuliboolanso pa makina, ndipo imeneyo ndi nkhani ina. Yambani ndi pini yomwe mkono umatembenukirapo, chifukwa kusewera kwakung'ono pamenepo kumakula kakhumi kapena kuposa pofika ku baketi. Kenako kwezani mkono, tsitsani miyendo mpaka matayala apepuke, zimitsani injini, dikirani mphindi khumi. Kutsika pang'ono si vuto. Mkono kapena mwendo ukatsika moonekera, ndiye kuti malabala a mkati mwa silinda atha kapena valavu yadyeka. Malabala ndi ntchito yaing'ono, valavu ayi.

Yendetsani chikhadabo pa ndodo zonyezimira za masilinda, makina atazima. Pomwe chikukodwa, pamenepo padzadya labala iliyonse yatsopano. Penti watsopano pafupi ndi makutu ogwira masilinda, kapena pomwe mkono wapindikira, nthawi zambiri amabisa mng'alu wowotchereredwa. Oyilo wotuwira ndiye kuti muli madzi.

Pomanga, thirakitala ikhale pamalo athyathyathya. Lowetsani mabawuti onse a subframe ndi manja musanamange ngakhale imodzi, chifukwa mukayamba kulimbitsa mbali imodzi mabowo a mbali inayo sakumana. Mabawuti akhale a nambala ya kulimba yomwe buku lanena, 8.8 kapena 10.9, omangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu, ndipo muwaonenso pakatha maola khumi oyamba. Mazinga a zolumikizira mapayipi a mitundu ya BSP, JIC ndi NPT amaoneka ofanana m'maso, ena amalowana kawiri kapena katatu n'kukakamira. Musakakamize, pezani cholumikizira choyenera. Cholumikizira chachangu chikakana kulowa, mwina oyilo wafufuma ndi dzuwa m'payipi. Zimitsani injini, gwedezani mahandulo onse, yesaninso.

Kuliza koyamba kukhale kwapansipansi. Yendetsani silinda iliyonse kangapo mpaka kumapeto kuti mpweya utuluke, kenako onjezerani oyilo, chifukwa masilinda opanda kanthu amamwa malita angapo. Pofunafuna podontha gwiritsani ntchito katoni, osati dzanja. Oyilo wotuluka pa kabowo pa 150 bar amaboola khungu, ndipo ngakhale bala lioneke laling'ono, munthuyo apite kuchipatala nthawi yomweyo. Musanachoke kwa wogulitsa, funsaninso mapini awiri otsekera, ya mkono ndi ya potembenukira. Amasowa kawirikawiri, ndipo popanda iwo mkono umatsika wokha kapena kukhotera m'mbali thirakitala ili paulendo.