Foni kapena kamera m'chipinda chochirira?

Chijambulireni mng'ono wanga akuchira mwana wake woyamba, anzanga a ku Chilenje ndi ku Kabwata sakundipatsa mpata pa WhatsApp, akufunsa ngati foni kapena kamera ndiyo yabwino pojambula m'chipinda chochirira. Ndiyankhe kamodzi pano.

Ndajambulapo kawiri. Koyamba anali mlamu wanga, mu 2024, chaka chimene madzi anachepa ku Kariba magetsi n'kumathima tsiku lonse. Ndinapita ndi foni yokha, yodula ndithu, ndipo mpaka lero ndikaona zithunzizo mtima umandiwawa. Chipinda chinali ndi machubu aatali aja a kudenga. Magetsi a kuno ku Zambia ndi a 50Hz, choncho machubu otere amaphethira ka 100 pa sekondi. Diso silimaona zimenezi, koma foni ikajambula mothamanga imaika mizere yakuda yopingasa pachithunzi. Nditaona mizereyo ndinathawira ku night mode, ndipo apo m'pamene ndinadziphera. Night mode imatenga zithunzi zingapo kwa masekondi awiri kapena atatu n'kuziphatikiza, pomwe khanda longobadwa kumene silidikira munthu. Pamene azamba ankamuika mwana pachifuwa pa mayi ake, khoma linatuluka bwino kwambiri, nkhope ya mwana n'kukhala ngati phala. Mlamu anangoti, "Palibe kanthu, alamu," koma sanaikepo n'chimodzi chomwe pa Facebook.

Kachiwiri, kwa mng'ono wanga uja, ndinabwereka kamera ya Nikon yakale yokhala ndi lensi ya 35mm f/1.8. Shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) ndinaikhazika pa 1/100 ya sekondi kuti igwirizane ndi kuphethira kwa machubu, ISO (yowalitsa chithunzi pamalo a mdima) pa 3200, zonse mu RAW (fayilo ya chithunzi yosakonzedwa ndi kamera). Mizere inatheratu. Timadontho tobwera ndi ISO yokwera tinalipo, koma timadontho timakonzeka. Fulashi musaiganizire n'komwe, anamwino akhoza kukutulutsani, ndipo angalakwenji?

Kulemera? Foni yapambana. Phokoso la shutter? Foninso.

Pokonza, vuto ndi khungu. Machubu amabiriwitsa nkhope, ndipo kuwala kwa pawindo kukasakanikirana nawo mayi amaoneka ngati wadwala mwezi wathunthu. Pulogalamu yokonzera zithunzi ya Snapseed ndi yaulere, ndipo white balance yake (yowongola mitundu kuti choyera chioneke choyera) ndimaitengera pa nsalu yoyera ya pabedi. Pulogalamu ya Lightroom imaiposa pochepetsa mtundu wobiriwira wokhawo osakhudza ina, koma kuti mukonze RAW ya kamera pafoni muyenera kulipira mwezi ndi mwezi. Pulogalamu ina yachitatu, siitchula dzina, inandilonjeza masiku asanu ndi awiri aulere n'kundidula ndalama za chaka chonse pa khadi, m'madola. Ndinazindikira nditaima pamzere wa ATM ku Cairo Road.

Zithunzi zokhala ndi magazi ambiri ndimazisandutsa zakuda ndi zoyera, agogo amatha kuziyang'ana osatembenuka.

Ine ndili ku kamera ndi Lightroom. Koma musanagule kanthu, funsani kaye asisita oyang'anira wodi ngati amalola. M'wodi ya anthu ambiri muli amayi ena omwe sanakupempheni chithunzi, ndipo lensi ya 35mm imawagwira kumbuyo.