Tenti yapakaunjika ya ku Limbe: ndemanga yanga titagonamo maulendo atatu

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo inapita ndi mvula ya pa Khirisimasi, nkhani yake ndifika nayo. Ndi tenti yozungulira pamwamba ngati chigoba cha kamba, ya ndodo ziwiri zopingasana ndi ina yaifupi ya pakhomo, ndipo pachikwama pake analemba kuti ndi ya anthu 6. Ndinagula K95,000 kwa mnyamata wina wogulitsa zakaunjika ku Limbe. Yatsopano yofanana nayo, yomwe ndinaiona m'sitolo ina m'tauni, mtengo wake unali kupitirira katatu pamenepo. Chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja ndimangomuyang'ana n'kudutsa.

Ife ndife banja la anthu asanu, tikukhala ku Chilomoni. Tchuthi chilichonse ana amafunsa kuti tipita kuti, ndipo tikawerengera zipinda ziwiri pamalo ogona alendo, ulendo umafera pa tebulo pomwepo. Maganizo a tenti anabwera ndi bambo a Chisomo, omwe ali mnyamata ankakwera phiri la Mulanje ndi anzawo a kusukulu. Nditauza mayi oyandikana nafe nyumba, anaseka mpaka kugwira khoma. "Inu, kukagona panja mwadala, ngati pamaliro?" Sindinawadabwe. Kuno ku Blantyre ambiri tenti timaidziwira pa siwa, pa ukwati, kapenanso ku misasa ya anthu omwe nyumba zawo zinagwa ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Yogonamo pofuna kusangalala timaiona ngati ya azungu.

Kagulidwe kake n'komwe ndikufuna muwerenge modekha, chifukwa ndalama mumapulumutsa kapena kutaya pomwepo. Mnyamatayo anali ndi matenti awiri, onse opindidwa bwinobwino m'zikwama zawo. Anayambira pa K150,000. "Amayi, iyi musachite kuitsegula, yangotsika m'belo dzulo. Ndi yachizungu yeniyeni." Ndinamuuza kuti mbuzi sagula ili m'thumba. Ananyinyirika, koma ataona kuti ndikunyamuka anaitana mnzake, n'kuyala yoyambayo kuseri kwa benchi.

Itangotuluka m'chikwama, fungo lake linandibweza m'mbuyo, ngati mkaka wosasa womwe mwana wabwezera pa chitenje. Nditagwira mkati mwa nsalu, zala zinamatirira. Nsalu za matenti ambiri amazipaka utomoni wopyapyala wa pulasitiki kumkati kuti madzi asadutse, ndipo utomoniwo ukakalamba, makamaka tenti ikasungidwa yonyowa, umasungunuka n'kuyamba kunanda ndi kununkha. Tenti yotero yatha ntchito ngakhale kunja ikuwala bwanji, ndipo kuchapa sikuthandiza. Ndinaikana. Yachiwiriyo inali yofwifwa pang'ono ndi dzuwa, yosakongola ngati inzake, koma youma ndi yosanunkha. Tinaiimika yonse, anthu odutsa n'kumaima kuonerera. Ndinalowa mkati, kutseka zipi, n'kuyang'ana kumwamba kuti ndione ngati dzuwa likulowera pa kabowo kalikonse. Ndinapeza timabowo tiwiri pa neti ya pakhomo basi. Zipi imodzi inkatseguka kumbuyo ukamaikoka. Zikhomo zinalimo 7 zokha pomwe malo okhomera ndinawerenga 18. Zitatu zimenezi n'zomwe zinatsitsa mtengo, chifukwa chilichonse ndinkamuonetsa ndi chala.

Zokonza sizinandidyere zambiri. Telala wa pakhonde pafupi ndi kwathu anasintha kamutu ka zipi n'kusoka neti. Zikhomo anatidulira wowotcherera zitsulo ku Ndirande, kuchokera ku zidutswa za zitsulo zomangira nyumba, n'kuzipinda kumutu ngati ndodo ya agogo. Zimenezi n'zolimba kuposa zomwe zinabwera ndi tenti, zomwe zimapindika zikangokumana ndi mwala. Pansi timayala pepala lakuda la pulasitiki lija amafolerera nyumba za udzu, lodulidwa kuti lichepe pang'ono poyerekeza ndi tenti. Likatulukira kunja limatunga madzi a mvula n'kuwalowetsa pansi panu.

Za anthu 6 zija musazikhulupirire. Amawerenga anthu ogona mothithikana ngati usipa pa thandala, opanda chikwama ngakhale chimodzi. Ife asanu, wamng'ono ali ndi zaka zinayi, timakwanamo ndi zikwama zathu, koma malo otsala palibe. Banja la anayi lisagule yolembedwa 4.

Ulendo woyamba tinapita pa phiri la Zomba mu Julayi, pa galimoto ya alamu anga. Kuchoka ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita osafika 70, kenako msewu wokhotakhota wokwera phiri. Masana zonse zinali bwino. Ana anaona damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa mzinda wa Zomba, tinakafika ku Emperor's View komwe anaimapo mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, ndipo tinagula zipatso kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Tenti tinaiimika mphindi zosakwana makumi awiri, chifukwa tinali titayeserera kawiri pabwalo la kunyumba. Mphepo ya madzulo inaigwedeza koma zingwe zinagwira.

Dzuwa litalowa tinadziwa kuti tili pa phiri lomwe nsonga zake zimapitirira mamita 2,000. Chiperoni chinatsika, nkhungu n'kuphimba mitengo ya paini, kamvula kosamveka kugwa koma konyowetsa. Tenti siinalowe madzi ngakhale dontho. Chomwe chinatizunza ndi chinthu chokhacho chomwe ndinagula chatsopano, matiresi opopa a anthu awiri. Ndinawagula K60,000 poganiza kuti ine ndi bambo tigone mwaulemu. Cha m'ma 11 koloko anali ataphwa theka, ndipo pofika 2 koloko chiuno changa chinali pa nthaka. Ngakhale asanaphwe ankazizira ngati simenti, chifukwa mpweya wa mkatimo umatenga kuzizira kwa pansi n'kukupatsira kumsana, kaya wafunda mabulangete angati pamwamba. Ana omwe tinawagoneka pa kamatiresi kakale ka siponji ka Chisomo ka ku sukulu yogonera komweko, pansi titayala makatoni ndi mkeka, anagona osatembenuka mpaka m'mawa. Kuzizira kwa mu tenti kumachokera pansi. Bulangete limodzi loyala limaposa awiri ofunda.

Pakati pa usiku womwewo ndinamva bambo akutsegula zipi.

"Bambo a Chisomo, mukupita kuti?"

"Ndikatenge mbaula, makala akadali ndi moto. Tingoiika pakona apa pang'ono chabe."

"Mbaula isalowe muno. Mukafuna kuotha, kaothereni panja."

Tinakangana monong'ona kuopa kudzutsa ana, koma sindinagonje. Makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo ndiponso suoneka. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Nyengo yozizira timamva za anthu omwe amwalira m'nyumba atagona ndi mbaula, nanga kuli bwanji mu kachipinda ka nsalu, komwenso kangathe kuyaka ndi kamoto kamodzi kothetheka? Mmalo mwake tinatenthetsa madzi panja, kuthira m'mabotolo awiri a pulasitiki yolimba, kukulunga m'masokosi n'kuika kumapazi. Madziwo asakhale owira, botolo limapindika.

M'mawa ndinadzidzimuka ndi dontho pamphumi. Denga lonse lamkati linali ndi timadontho, ndipo ndinayamba kale kutukwana mnyamata wa ku Limbe mumtima. Mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire wovala chikhoti chachitali, anabwera n'kugwira nsalu. "Mayi, siikudontha iyi. Ndi mpweya wanu womwe. Munatseka mawindo onse eti?" Zoona, tinatseka paliponse pothawa kuzizira. Anthu asanu akamapuma usiku wonse, nthunzi imagunda nsalu yozizira n'kusanduka madzi. Usiku wachiwiri tinasiya timawindo tiwiri ta pamwamba totsegula, ndipo kunacha kouma. Bambo omwewo anatichenjezanso kuti chakudya tisasiye poyera chifukwa cha anyani. Tinamvera mochedwa, buledi mmodzi anali atakwera kale mumtengo.

Zophikira sitinagule kanthu. Pali timasitovu ta gasi ta m'manja ndi timapoto tolowana tomwe amagulitsa pamodzi ndi matenti, koma ife tinanyamula mbaula yathu, makala theka la thumba laling'ono, mapoto awiri a kukhitchini, mthiko, chipande ndi ketulo. Nsima ya pa phiri inapsa chimodzimodzi ya kunyumba. Madzi tinatengera m'zigubu za mafuta ophikira za malita 20, zotsukidwa bwino. Kuwala, tochi ya sola yomwe timagwiritsa ntchito magetsi akazima, yopachikidwa pa kambedza ka pakati pa denga. Ndiwo tinakazingiratu nkhuku ndi kuphika nyemba za tsiku loyamba, masiku enawo usipa wouma, mazira ndi soya, zomwe sizifuna firiji. Amene akukuuzani kuti mugule kaye bokosi losungira zozizira ndi mipando yopinda, mufunseni ngati kwawo kulibe ndowa ndi mkeka.

Ulendo wachiwiri unali wa ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, mu Okutobala, kudzera msewu wa Midima. Kumeneko vuto linali kutentha. Apa tenti inandikondweretsa, chifukwa ili ndi zigawo ziwiri: tinachotsa chinsalu chakunja n'kugona mu chamkati chokha, chomwe mbali yaikulu ndi neti. Udzudzu umalira kunja osalowa, ana akuwerenga nyenyezi. Pa Sapitwa, pa mamita 3,002, sitinayerekeze n'komwe ndi ana, tinangoyenda kukafika pa Dziwe la Nkhalamba n'kubwerera. Pomasula tenti, mwana wachiwiri anapinda ndodo mokakamiza ndipo inang'aluka m'litali ngati nzimbe. Ndodo zake ndi za fibreglass, zopepuka koma zosapirira, ndipo tizingwe take tikakulowa m'chala timabaya ngati chitedze. Bambo anaveka pong'alukapo kachidutswa ka paipi yachitsulo n'kumanga ndi mphira wa chubu ya njinga. Mpaka lero ikugwira, ngakhale tenti imaoneka yopendekera kumodzi ngati chipewa cha woledzera.

Tsopano nyenyezi yotayika ija. Pa Khirisimasi tinapita kwa apongozi ku Thyolo, ndipo poti nyumba inadzaza ndi alendo, tinaimika tenti pabwalo. Apongozi aakazi sanakondwe poyamba. "Mayi a Chisomo, anthu aziti takuthamangitsani m'nyumba." Tinawanyengerera mpaka analola. Usiku wachiwiri kunagwa mvula yeniyeni ya dzinja, ya mabingu, pafupifupi maola atatu. Pachikwama analemba 2000mm, kutanthauza kutalika kwa madzi omwe nsalu ingapirire ataimitsidwa pamwamba pake asanayambe kudutsa, ndipo nsaluyo payokha inapiriradi. Madzi analowera m'misoko. Mkati mwa msoko uliwonse mumakhala kalamba koonekera komatidwa pofuna kutseka mabowo a singano, ndipo pa tenti yathu kalambako kanali katayamba kumatuka m'makona awiri a denga. Ku Limbe kuja sindinayang'ane zimenezo, ndinatanganidwa ndi zipi ndi fungo. Tinatchera poto ndi beseni, bulangete limodzi linanyowa, wamng'ono tinamuthamangitsira m'nyumba kwa agogo ake, omwe sananene kanthu koma nkhope yawo inanena zonse. Kutacha bambo anabwereka lona yoyanikira chimanga n'kuimanga pamwamba pa tenti, kuchokera ku mtengo wa mapeyala kufika pa nsanamira ya khonde, mosakhudza denga. Mvula inagwanso usiku wotsatira, ife osamva dontho. Choncho ngati mukugula yakale, itembenuzeni muone misoko yonse, mukande kalambako ndi chikhadabo. Kakamatuka, tsitsani mtengo kapena konzekerani kuyenda ndi lona m'dzinja.

Tikabwera ku ulendo sindiipinda tsiku lomwelo. Ndimaiyanika pa chingwe pamthunzi masiku awiri, ndodo ndi zikhomo padera, chifukwa ikalowa m'chikwama ndi chinyezi imachita chuku ndipo utomoni uja umayamba kuonongeka. Sindichapa ndi sopo wa ufa, ndimangopukuta ndi kansalu konyowa. Matiresi opopa aja ali pamwamba pa wadiropu, bowo lake tinalisaka ndi madzi a sopo osalipeza, ndipo amene akuwafuna abwere adzatenge.

Sabata yatha mayi oyandikana nafe aja anatuma mwana wawo kudzafunsa ngati angabwereke tenti, akuti achibale akubwera ku chinkhoswe ndipo malo ogona achepa. Ndinavomera. Ndinawerenga zikhomo pamaso pa mwanayo, zonse 18, n'kumuuza kuti akauze amayi ake kuti mbaula isayandikire.