Work profile ya Android: abwana samva ma call anu, bola musasokoneze layini

Amene kuntchito akukuuzani kuti muike email ndi Teams ya kampani (app ya Microsoft ya ma call ndi misonkhano) pa foni yomwe munagula ndi ndalama zanu, bwerani pafupi. Funso lomwe aliyense amafunsa akangomva zimenezi ndi lomwelo, nde kuti abwana azimva ndikamayankhula ndi akunyumba? Ine ndakhala ndikugwiritsa ntchito work profile ya Android, mbali yapadera ya ntchito mkati mwa foni yanu, kwa nthawi ndithu, yolumikizidwa kudzera pa app ya Company Portal ya Microsoft Intune (njira yomwe makampani amayang'anirira mafoni a antchito), ndipo yankho langa ndi loti ayi samva, bola foniyo ikhale yanu, simukhadi ikhale yanu, komanso call yo muyiimbire ku mbali yanu osati ya kampani. Chimodzi mwa zitatuzi chikangosintha nkhani yonse yasintha.

Kanthu kameneka si kachilendo, Google inakayambitsa mu 2014 pomwe imatulutsa Android 5.0 Lollipop, kungoti ambirife timakadziwa tsiku lomwe a IT atipatsa linki. Mukamaliza kulumikiza, ma app anu amagawika pawiri, kwina Personal kwina Work, ndipo onse a kuntchito amakhala ndi kachizindikiro ka chikwama pakona. Zili ngati mwachititsa lendi chipinda chimodzi m'nyumba mwanu, kampani ili ndi kiyi wa chipinda chimenecho, ikhoza kuikamo katundu, kusintha loko, ngakhale kusesamo zonse, koma kuchipinda chanu chogona sikufika.

Chomwe chinandikhazika mtima pansi ndi choti Microsoft yomweyo inalemba poyera zomwe kampani imatha kuona ndi zomwe singaone, ndipo Company Portal imakuonetsani mndandandawo musanavomere. Singaone manambala omwe mwaimbira kapena omwe akuimbirani, ma SMS, zithunzi, ma contact anu, kalendala, mapasiwedi, ngakhale zomwe mumasaka pa intaneti ku mbali yanu. Imaona zinthu monga mtundu wa foni, Android yomwe mukugwiritsa ntchito, dzina lanu ngati mwini foni, ndi ma app omwe ali ku mbali ya ntchito. App yoimbira foni ija yomwe munazolowera imatsala ku Personal, nde call ya mayi anu, ya a landilodi, ya dokotala, kapena ya kampani ina yomwe ikufuna kukulembani ntchito, a IT alibe batani loti adine nkuyamba kumvera. Pamenepa ndikuipatsa ulemu wake ndithu.

Koma apa nde pomwe anthu amagwera. Mudzamuona munthu wadzuka pa desiki, watuluka panja, wabisala pakona, dzanja pakamwa akunong'ona kuti anzake asamve, koma call yo akuyiimba ndi Teams ya kachikwama ija poti nde inali kale pa sikirini kapena poti mayunitsi amuthera. Wabisala kwa anzake awiri a muofesi koma wadutsa pakati penipeni pa makina a kampani. Call iliyonse ya pa Teams ya kuntchito imasiya mbiri, waimbira ndani, nthawi yanji, mwatenga mphindi zingati, ndipo ma admin amatha kuziona. Makampani ena, makamaka a mabanki, a inshuwalansi ndi ma call centre, amachita kuika lamulo loti ma call onse a antchito ena azijambulidwa okha osadikira kuti wina adine record. Imakuchenjezani inde kuti mukujambulidwa, koma munthu amene wamva chenjezo lomwelo tsiku ndi tsiku khutu limafa, samalimvanso. Apa work profile singakuthandizeni chilichonse chifukwa mwalowa nokha mchipinda cha kampani.

Chimodzimodzinso simukhadi. Ngati layini munapatsidwa ndi kuntchito ndipo bilu imapita kwa iwo, ikani mu foni yanu, ikani ku Personal, palibe chomwe mwabisa, chifukwa mndandanda wa manambala sukuchokera mu foni, ukuchokera ku kampani ya netiweki kupita kwa amene amalipira. Ena amati aaa bola sakumva mawu. Abale, nambala ya chipatala kasanu pa sabata, kapena nambala imodzi yomweyo usiku uliwonse mphindi makumi anayi, imayankhula yokha. Khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula chimodzimodzi mu 2007 pa mlandu wa Lynette Copland, mayi amene ankagwira ntchito pa koleji ina ku Wales. Akuluakulu ake ankafufuza mabilu a foni, manambala omwe waimbira, masiku, kutalika kwa ma call, kuphatikizapo ma email ndi intaneti, osamuuza, ndipo khoti linati kumeneko nkulowerera moyo wa munthu wachinsinsi ngakhale sanamvere mawu ake. Zaka khumi mmbuyo mwake, mu 1997, khoti lomwelo linali litaweruza kale mokomera Alison Halford, wapolisi wamkulu ku Merseyside, amene ma call ake a muofesi ankamveredwa pomwe anali pa mlandu ndi omulemba ntchito, chonsecho foni imodzi mwa ziwiri za muofesi mwake anamupatsa kuti ndi yoimbira zake. Mfundo inali yoti sanachenjezedwe, nde anali ndi chifukwa choganiza kuti ali payekha.

Ku America nkhani yomwe imandisangalatsa ndi ya Watkins ndi kampani ya L.M. Berry mu 1983. Mayiyu ankagulitsa malonda pa foni, ndipo ankadziwa kuti ma call a ntchito amamveredwa. Nthawi ya lanchi mnzake anamuimbira, nkucheza za intaviyu yomwe Watkins anakachita ku kampani ina, kumeneko supavaiza ali pa layini phee akumvera. Khoti linati bwana akhoza kumvera kungofuna kudziwa ngati call ndi ya ntchito kapena ayi, koma akangozindikira kuti ndi ya munthu payekha ayenera kuika foni pansi. Lamulo labwino, koma tanenani zoona, ndi bwana uti angadule pomwe wamva mawu oti intaviyu? Komanso awa ndi malamulo a kumeneko, dziko lililonse lili ndi ake, ndipo onse anthuwa anapambana atavutika kale, chinsinsi chitatuluka kale. Nchifukwa chake ine ndimakonda chinthu chomwe chimatseka njira kusiyana ndi chomwe chimandilonjeza kuti ndidzawina ku khoti.

Za WhatsApp pa WiFi ya muofesi ambiri amafunsanso. Ma call ake ndi otsekedwa kuchokera kwa inu mpaka kwa amene mukuyankhula naye, nde mawu sangamveke, koma amene amayang'anira netiweki akhoza kuona kuti foni yakuti ikugwiritsa ntchito WhatsApp komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Mukafuna mtendere zimitsani WiFi muyatse data yanu.

Tsopano zotopetsa, poti zilipo. Chilichonse chimakhala pawiri, Chrome awiri, Play Store awiri, ma contact kuwiri, nde ngati foni yanu ili ndi malo ochepa mudzaimva kulemera, batire nalo limatsika msanga poti Outlook ndi Teams sizigona. Zina zimadalira mmene kuntchito kwanu akhwimitsira, kwathu anatseka screenshot ku mbali ya ntchito komanso sungakope nambala ku email ya ntchito nkukaiika ku app yoimbira ya Personal, umachita kuiloweza pamutu manambala atatu atatu uku ukusinthasintha sikirini, kapena kuilemba padzanja ndi bolopeni ngati mwana wasukulu. Ndipo taonani, chimenechi nde chimamukankhira munthu kuti angoimba ndi Teams basi. Pasiwedi nayo akhoza kukukakamizani kuti ikhale yaitali ndipo muzisintha pafupipafupi, moti ka pattern kanu ka L kaja kaiwaleni.

Chomwe ndimachikonda kuposa zonse ndi batani loimitsa mbali ya ntchito. Mukatsitsa sikirini kuchokera pamwamba mumalipeza, mukangodina ma app onse a kachikwama amatuwa, palibe notification, palibe email ya abwana ya teni koloko usiku, mpaka mudzayatsenso nokha. Mafoni ena amalolanso kuika nthawi kuti izizima yokha mukaweruka. Komanso tsiku lomwe mwasiya ntchito kapena akuchotsani, a IT akafufuta amangofufuta mbali yawo, zithunzi za ana anu ndi ma chat anu zimatsala. Kale anthu amaopa kulumikiza email ya ntchito chifukwa njira zakale zimapatsa kampani mphamvu yofufuta foni yonse. A iPhone muli ndi yanu yofananako yotchedwa User Enrollment yomwe Apple inabweretsa mu 2019 ndi iOS 13, koma imeneyo ndiisiya kwa eni ake aifotokoze.

Pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 4. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha kulemera komanso poti kachikwama kaja nkakang'ono kwambiri, munthu uli pa changu sumakaona, chonsecho nde kakusiyanitsa call yako ndi call ya kampani.

Chinthu china musanavomere, funsani a IT kapena a HR akupatseni polise yolembedwa yonena za ma call, ndani amajambulidwa, amasunga nthawi yaitali bwanji, ndipo amaloledwa kumvera ndi ndani. Akamazengereza kukupatsani muzidziwa. Ndipo yang'anitsitsani mmene akulumikizira foniyo. Work profile wamba pa foni yanu siifuna kuti mufufute kalikonse, mumangoika app, kulowa ndi akaunti ya ntchito, yatha. Akakuuzani kuti foni iyambe yabwezedwa kaye ku factory reset kenako musikane QR code poyatsa, imeneyo ndi njira ya mafoni a kampani, yomwe imawapatsa mphamvu pa foni yonse ndipo imadzalemba yokha kuti ikuyang'aniridwa ndi bungwe lanu. Pa foni yogula ndi ndalama zanu musalole, auzeni mwaulemu kuti ngati akufuna zimenezo akugulireni yawo.