Sikani ya mimba pa kiliniki ina ya pulayiveti ku Lilongwe, nyenyezi 4 pa 5

Tinapita Lachiwiri ndi bambo a kunyumba, mimba ili pa masabata 20, anesi aku sikelo anati nthawi imeneyi ndi yabwino kuona ziwalo za mwana komanso ngati ali wamwamuna kapena wamkazi zimaoneka. Tili ndi atsikana awiri kale, ndiye apongozi anga aku Mzimba akhala akufunsa kuti wosunga dzina abwera liti, pomwe kwathu ku Dedza mtsikana ndiye mbumba, amayi anga amangosangalala.

Choipa ndinene kaye, tinadikira maola awiri ngakhale tinabukitsa pa foni, mipando yochepa, ine ndi chikhodzodzo chodzadza poti anati ndimwe madzi ambiri, komanso Airtel Money yawo sinkagwira mpaka bambo anakatapa kashi panja. Nyenyezi imodzi yapita pamenepo.

Koma mayi amene anandipanga sikani, eeh Mulungu awadalitse. Anapaka jelo, natembenuzira sikirini kwa ife, nationetsa mtima ukugunda, msana, mutu, kenako anafunsa ngati tikufunadi kudziwa. Ndi wamkazi. Bambo anangoti zii, maso pansi. Mayi aja sanathamangire kutitulutsa, anawafotokozera bwinobwino kuti pali tizinthu totchedwa makromozomu X ndi Y timene timachititsa mwana kukhala wamkazi kapena wamwamuna, dzira la mayi limakhala ndi X basi, umuna wa bambo ndi umene umabweretsa X (mtsikana) kapena Y (mnyamata), ndiye palibe cholakwa cha mkazi apa ndipo palibe zitsamba zosinthira zimenezi. Anatinso padziko lonse pa atsikana 100 obadwa pamabadwa anyamata pafupifupi 105, koma amuna amamwalira msanga kuposa akazi, nchifukwa chake kalembera wa 2018 anapeza akazi ochuluka kuposa amuna m'Malawi muno, pa anthu 17.5 miliyoni.

Ananenanso kuti ku India lamulo la 1994 limaletsa adokotala kuuza makolo ngati mwana wa m'mimba ali wamwamuna kapena wamkazi chifukwa anthu ankachotsa mimba za atsikana, zinandikhudza kwambiri ine ndili chigonere pa bedi paja mwana wanga wamkazi akusuntha pa sikirini.

Anatipatsa chithunzi ndi lipoti loti ndikaonetse ku sikelo, zonse zili bwino. Tikutuluka bambo ndi amene ananyamula chithunzicho, madzulo anaimbira okha amayi awo kuwauza za X ndi Y. Mukapita pitani m'mamawa ndipo tengani kashi.